Ndi Ena Onse Okudziwani

Wailesi ya malonda ija itayamba kumveka ku Nsipe, ine ndinali telala wa pakhonde la sitolo, wosakwatira, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kupinda mathalauza a pa kaunjika. Kufikira nthawi imeneyo tinkangodziwa wailesi ya boma, imene aulutsi ake unkachita kumva kuti amanga tayi ngakhale sukuwaona. Yatsopanoyi inabwera ndi phokoso, nyimbo za achinyamata ndi malonda a sopo, feteleza ndi mankhwala otsukira mano. Ankati inayambira m'nyumba ya lendi mumzinda, m'kachipinda kokhoma matiresi m'makoma, ndipo mawu ake ankafika kwathu atatopa kale. Kuti uimve bwino unkamangirira waya ku kamlongoti ka wailesi yako, n'kuuponya padenga la malata, kenaka osasunthanso mpando. Lole ikamadutsa pamsewu muulutsi ankamira, n'kudzavuuka loleyo itapita.

Aulutsi otchuka analipo atatu. Wa m'mawa anali bambo wa chikhakhali, amene ankadzutsa dziko mochita kulinyoza. Ankalalatira amuna ogona akazi awo ali kudimba, ndipo azimayi a tomato pamsika ankamuyankha mokuwa ngati waima pa benchi lawo. Wa mpira ankakuwa mofanana, kaya chigoli chalowa kaya mpira wagwera m'chimanga, moti wopambana tinkamudziwa masewero atatha. Wachitatu anali mayi wa pulogalamu ya moni, Lamulungu lililonse masana, ndipo ameneyu ndiye anandizunguza mutu. Anali ndi mawu odekha, ndipo akatchula dzina lako unkamva ngati wabatizidwanso. Lero wailesiyo ili ndi nyumba yosanja ndipo ana amaimvera pa foni. Wa chikhakhali uja analowa ndale, wa mpira anamwalira, mayiyo anapuma ntchito. Akamakamba mbiri ya wailesiyi amatchula milongoti imene anaimika pamapiri ndi anthu otchuka amene anadutsapo. Inenso ndili ndi kagawo kanga m'mbiri imeneyi, koma si konyaditsa.

Kale moni sitinkatumiza pa foni, tinkalemba pa makhadi. Khadi linkagulidwa m'sitolo yomweyo imene ndinkasokera pakhonde pake. Linali ndi mizere khumi, ndipo mwini sitolo ankasonkhanitsa onse n'kuwatumiza pa basi Lachitatu. Koma mayi uja makhadi ankakhala nawo mulu, nthawi n'kukhala yochepa. Choncho ankawerenga dzina la wotumiza, kenaka mayina asanu kapena asanu ndi limodzi oyambirira, n'kutseka ndi mawu akuti, "ndi ena onse okudziwani," nyimbo n'kulowa. Aliyense wolemba makhadi ankadziwa zimenezi. Mizere ya pamwamba inali ya anthu, ya pansi inali yongodzazira pepala. Panalinso lamulo lathu ife olemba, loti moni sugonetsa, umabweza. Munthu wa ku Dedza akakutchula pa mzere wachiwiri, sabata yotsatira nawe umutchule pomveka. Ukamuponya m'gulu la ena onse, dzina lako limayamba kuzimiririka m'makhadi a anthu, ndipo kwa ife imeneyo inali imfa.

Ndinadzipatsa dzina la pa wailesi. Sindilitchula pano, chifukwa ndili ndi ana akuluakulu amene amandipatsa ulemu. Ndingonena kuti linali lalitali, munali mawu awiri a Chingerezi, ndipo linkathera ndi "wa ku Nsipe." Pasanathe chaka linali kumveka sabata iliyonse. Anthu amene sindinawaonepo, a ku Mchinji, a ku Mulanje, ankanditcha m'bale wawo. Tinayambitsa kalabu ya omvera, ndipo pa chisankho cha wapampando ndinapikisana ndekha n'kupambana bwino ndithu. Makondakitala a minibasi ankandikuwira dzinalo akamadutsa, ine n'kungokweza sizasi m'mwamba osatembenuka. Kasitomala akabwera Lolemba ndi zipi yothyoka, ndinkayamba ndamufunsa ngati anandimva dzulo lake. Akati sanamve, zipi yake inkadikira mpaka Lachinayi.

Bambo anga ankakhala kumudzi, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pamsewu. Anapita ku migodi ya ku Joni maulendo anayi, ndipo anabwerako ndi njinga, bokosi lachitsulo, wailesi yaikulu ya mabatire asanu ndi limodzi, mwendo wotsimphina ndi chifuwa chosatha. Analinso ndi chijasi chakuda chokhuthala chimene sanachivalepo, ngakhale m'mwezi wa Juni pamene chisanu cha ku Ntcheu chimalowa mpaka m'mafupa. Amayi ankachiyanika padzuwa kamodzi pa chaka n'kuchibwezera m'bokosi. Ife ana tinkaganiza kuti ndi matama a anthu a ku Joni, kusunga chovala chabwino kuti njenjete zikhute. Bambo sanali olankhulalankhula. Wailesi yatsopanoyo ankati ndi ya anthu osalangidwa, koma pulogalamu ya moni ankaimvera, ndipo ine ndinkakhulupirira kuti amayatsira ine.

Lamulungu lina, nthawi yokolola chimanga, ndinali kumudzi ndipo tinamvera limodzi pakhonde. Tsiku limenelo mayi uja anawerenga khadi la munthu wina wothokoza, amene anapeza mlongo wake wosowa kudzera pa pulogalamu yomweyo. Bambo anatsitsa mawu a wailesi.

"Iwe, kodi mayi ameneyu amakudziwa?"

"Kwambiri, Bambo. Simunamve mmene wakokera dzina langa?"

"Ndamva. Ndiye ndili ndi uthenga wanga woti umutumizire."

Analowa m'nyumba natulutsa chijasi chija, n'kuchiika pamaondo. Anandiuza kuti pa ulendo wawo womaliza mwala unagwa pansi pa mgodi n'kuwapana mwendo. Anzawo anathawa poopa kuti denga lonse litsika, koma munthu mmodzi anabwerera. Anawafukula ndi manja, nawabereka kumsana mpaka pa chikepe. Atatulukira kunja kunali chisanu, ndipo munthuyo anathamangira chijasi chake n'kuwafunditsa ali pa machira. Bambo anakhala m'chipatala miyezi itatu. Potuluka anapeza kuti kontirakiti ya mnzawoyo inatha, ndipo anabwerera kumudzi.

"Dzina lake lenileni sindilidziwa," anatero. "Kumigodi tinkaitanana mayina a kumigodi. Ankati kwawo ndi kuchigwa, kotentha, kuli malambe ndi mpunga. Ndafunsa anthu pamaliro, m'mabasi, zaka makumi awiri, osamupeza. Ine zikomo sindinamuuze, ndinali nditakomoka. Ndikufuna ndimuuze ndikadali ndi mpweya, ndimubwezerenso chijasi chakechi."

Anandiuza dzina la kumigodi lija, dzina la mgodi ndi nambala ya chipinda chimene ankagona kukomboni. Nkhaniyo inandikhudza, ndisaname, mpaka misozi inalengeza m'maso. Ndinadziguguda pachifuwa n'kunena kuti, "Bambo, imeneyi yatha. Mayi uja khadi langa saliika pansi."

Lachiwiri ndinagula khadi, n'kukhala pa makina ndi cholembera. Sabata imeneyo wapampando wa kalabu ya ku Dedza anali atanditchula poyambirira penipeni. Panali namwino wina wa ku Balaka amene ananditchula kawiri motsatizana. Panali mlembi wa kalabu yathu, munthu wosachedwa kunyanyala. Panalinso mtsikana wa ku Lizulu amene ndinali ndisanamuonepo, koma ndinali nditasankha kale mayina a ana athu. Ndinadzamva patapita zaka kuti anali mayi wa ana asanu, wogulitsa kabichi, ndipo ankapatsa moni telala aliyense wa m'mbali mwa msewu. Nditamaliza onsewa ndi ena anayi, ndinapeza kuti kwatsala mizere iwiri yomaliza. Ndinapanikizamo uthenga wa Bambo ndi zilembo zing'onozing'ono, zina n'kukhotera m'mphepete. Ndinadziuza kuti mayiyo akaona dzina langa awerenga khadi lonse, chifukwa ine sindinali munthu wamba.

Lamulungu Bambo anabwerako msanga ku tchalitchi, anasamba, anaika mabatire atsopano. Amayi anasiya kupeta nyemba n'kukhala pafupi. Dzina langa linamveka, mayiyo analikoka bwino lomwe. Anatchula wa ku Dedza, namwino, mlembi, mtsikana wa ku Lizulu ndi ena awiri.

"Ndi ena onse okudziwani."

Nyimbo inalowa. Bambo anadikira mpaka pulogalamu inatha, poganiza kuti mwina abwererako. Kenaka anazimitsa wailesi kuti mabatire asathe.

"Chabwino," anatero. "Mwina sabata ya mawa."

Ndinawauza kuti mauthenga ofunafuna anthu amakhala pamzere wawokha ku wailesiko, ndipo wawo ukuyandikira. Linali bodza, ndipo ndinalisoka bwino kuposa mathalauza a anthu.

Sabata yotsatira ndinachita chimodzimodzi, inayonso chimodzimodzi. Mwina mufunsa chifukwa chake sindinagule khadi lachiwiri, pamene linali lotsika mtengo kuposa kupinda thalauza limodzi. Mayiyo ankawerenga khadi limodzi pa munthu aliyense, ndipo ndinkaopa kuti akasankha la uthengalo, anthu anga onse akhala osatchulidwa sabata imeneyo. Zoti ndingathe kulemba khadi m'dzina la Bambo eni ake sizinandibwerere n'komwe, chifukwa m'mutu mwangamo munalibe malo a dzina lina. Ndinkadziuzanso kuti munthu amene wasowa zaka makumi awiri sangathawe m'sabata imodzi. Ndipo sabata iliyonse pankakhala wina woti sindingamulumphe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Chimanga chinalowa m'nkhokwe, chisanu chinabwera n'kupita, mitengo inaphuka masamba ofiira, Bambo akadali kusamba Lamulungu masana ndi kunena kuti mwina sabata ya mawa. Ine ndinayamba kumvera pulogalamuyo ku Nsipe ndi a kalabu, ati chifukwa cha udindo.

M'nyengo yotentha wailesiyo inalengeza kuti ibwera ku Ntcheu Boma kudzaulutsira pabwalo, pokondwerera mlongoti watsopano umene unachititsa kuti tichotse mawaya aja padenga. Aulutsi onse atatu adzakhalapo, ndipo apampando a makalabu adzapatsidwa mwayi wolankhula. Ndinasiya ntchito za anthu n'kudzisokera suti yobiriwira. Bambo atamva anandiitanitsa kumudzi. Anandiuza kuti ndilembenso uthenga uja papepala iwo akuyang'ana, ngakhale kuwerenga sankatha. Anapinda okha pepalalo n'kuliika m'thumba la malaya anga.

"Makalata amasochera," anatero. "Ukamuone pamaso mayiyo. Pakamwa ndi pakamwa sipasochera kanthu."

Loweruka ndinakwera kabaza kuchokera pa depoti mpaka pabwalo, mtunda woti ndikanayenda, kuti suti isalowe fumbi. Bwalo linali litadzaza, ndipo lole yaikulu inali itasanduka nsanja. Mayi wa moni ndinamupeza kuseri kwa loleyo, koma poyamba ndinamudutsa. M'mutu mwanga anali mayi wamtali, wathupi. Ndinapeza munthu wamfupi, wochepa thupi, wotopa, atavula nsapato, akudya chimanga chootcha. Ndinadzitchula dzina lonse, osasiyako ndi kachigawo komwe.

"Ooh, ndinu amene mumalemba mpaka m'mphepete mwa khadi?" anatero akuseka. "Achimwene, muzitimverako chisoni maso athuwa."

Ine ndinamva ngati wandiyamikira. Pepala la Bambo linali m'thumba la jekete, pamtima penipeni, ndipo mayiyo anali pamaso panga alibe chochita koma chimanga chake. Koma ndinaganiza kuti kumupatsira kuseri kwa lole n'kuchepetsa nkhani. Ndinati ndikaliwerenga ndekha pansanja, dziko lonse likumva.

Nthawi yanga itakwana anandipatsa maikolofoni, nati ndili ndi mphindi imodzi. Anthu anakuwa dzina langa, achinyamata anaimba malikhweru. Pepala lija sindinaliiwale, musandichitire chifundo chimenecho. Ndinangoti ndiyambe ndi wa ku Dedza chifukwa anali pompo akundiyang'ana. Kenaka namwino. Kenaka a kalabu yathu mmodzimmodzi, chifukwa anali kutsogolo akundikupizira manja. Ndikatchula dzina anthu ankakuwa, akakuwa ine n'kuwonjezera lina. Pamene dzanja langa linkapita kuthumba, bambo wa chikhakhali uja anali atagwira kale maikolofoni, nati, "Mkuluyu tikamulekerera apatsa moni ndi mbuzi zomwe!" Bwalo lonse linaseka, inenso ndinaseka, ndipo ndinatsika ndikukupiza manja.

Ndinapita kumudzi patatha masiku awiri. Amayi anandikokera kuseri kwa nkhokwe ndisanakhale ndi pansi pomwe.

"Abambo ako anaitana anzawo atatu a ku Joni kuti adzamvere nawo. Anaphetsa ndi nkhuku. Iwe uli ndi mtima wanji?"

Bambo sananene zambiri. Anangoti, "Unamveka bwino. Mawu ako amakwana pa wailesi." Ndinabwerera ku Nsipe ndikulumbira kuti khadi lotsatira likhala lawo lokha. Koma sabata imeneyo anthu ambiri anali atandiyamikira chifukwa cha za ku Boma, ndipo moni sugonetsa.

Mvula yoyamba itagwa, Lamulungu lina tinali pakhonde la sitolo ndi a kalabu. Khadi langa linali litawerengedwa kale, ndipo tinali kukambirana mmene linamvekera. Kenaka mayi uja anatchula dzina la Bambo ndi mudzi wathu. Anati khadi ili mulibe moni, muli uthenga umodzi wokha. Anawerenga pang'onopang'ono za mwala, za munthu amene anabwerera anzake akuthawa, za chijasi. Anatchula dzina la kumigodi lija kawiri, nati, "Inu a kuchigwa, ngati mukuwadziwa bambo amenewa, tithandizeni. Pali munthu akufuna kunena zikomo." Sanafulumire kuika nyimbo. Zonsezi sizinathe ndi mphindi imodzi yomwe.

A kalabu anandiyang'ana. Mlembi anafunsa ngati amenewo si bambo anga, ndipo ndinayankha kuti inde, ndinakonza ndine. Bodzalo silinakhalitse, chifukwa mkazi wa mwini sitolo anali ataima pakhomo.

"Munakonza ndinu?" anatero. "Ndinalemba ndine. Bambo anu anabwera Lachiwiri wapansi, ndi mwendo wawo uja, inu mutapita ku Boma kukagula ulusi. Anachita kufunsiratu tsiku limene simukhalapo, ati asakuchititseni manyazi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, achimwene."

Yankho linabwera patangotha milungu iwiri, pa pulogalamu yomweyo. Linachokera kwa mayi wina wa kufupi ndi Sharpevale. Anati dzina la kumigodi limenelo ndi la amuna ake, ndipo nkhani ya mwala ankaikamba. Anati amuna akewo anamwalira miyezi iwiri yapitayo, koma mwini uthengayo abwere ndithu, akafunse pamsika anthu akamulozera. Ndinawerengera m'mbuyo. Munthuyo anali moyo nthawi yokolola, anali moyo chisanu chonse, analinso moyo tsiku limene ndinavala suti yobiriwira.

Bambo anandituma kuti ndisoke batani limodzi la chijasi limene linali litatsala pang'ono kuthothoka. Imeneyo ndiyo ntchito yokha imene ndinawagwirira tsiku lomwelo. Tinanyamuka Lachisanu m'mawa pa minibasi yolowera ku Balaka, n'kusinthira ina ya msewu wa ku Salima. Bambo anafukata chijasicho chitakulungidwa m'chitenje cha Amayi. Kuchigwa kunali kotentha monga ananenera munthu uja, malambe analipo, ndipo m'minda anthu anali m'madzi akuwokera mpunga. Ulendo wonsewo sunakwane maola anayi.

Mayi wamasiyeyo anatiyalira mkeka pansi pa mtengo wa mango. Anali wachikulire, atavala duku lakuda. Chitseko cha nyumba chinali chotsegula, ndipo m'katimo ndinaona bokosi lachitsulo lofanana ndi la kwathu, pamwamba pake pali wailesi. Tinapepesa maliro monga mwa mwambo. Kenaka Bambo anamasula chitenje chija, anayala chijasi patsogolo pa mayiyo, anagwada ndi bondo lawo labwinolo, nayamba kuomba m'manja. Ananena kuthokoza kwawo konse, kuyambira pa mwala mpaka pa machira, ngati akuuza mwini wake. Ndinali ndisanawaonepo akugwadira munthu.

Mayiyo anagwira chijasicho, nachitembenuza, kenaka anayamba kuseka misozi ikutsika.

"Kani chinalipodi! Bambo inu, ine munthu ameneyu ndamuimba mlandu zaka zonsezi. Anandilembera kalata kuti wagula chijasi, pobwera alibe. Ati ndinafunditsa munthu wovulala. Ine ndinkati bodza, munasiyira mkazi wa ku Joni. Mpaka chaka chino tikakangana ndinkachitchulabe."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, natembenukira kwa ine.

"Nanga awa ndi ana anu?"

"Ndi mwana wanga. Amasoka ku Nsipe."

"Ku Nsipe? Ndiye mukumudziwa mnyamata uja wa moni pa wailesi, wa dzina lalitali uja?"

Ndinayang'ana pansi. Ndinapemphera mumtima kuti Bambo anene kuti sitimudziwa.

"Ndi yemweyu," anatero Bambo.

Mayiyo anafuula, naitana anthu oyandikana nawo kuti adzaone.

"Malemuwa ankakukondani inu!" anandiuza atandigwira dzanja. "Lamulungu lililonse, ngakhale atagona osadzuka, ankati ndisendezereni wailesi ndimve wa ku Nsipe lero apatsa moni ndani. Anzanu onse ankawadziwa pamtima, wa ku Dedza, namwino uja. Tsiku la ku Boma lija anaseka mpaka kutsokomola. Ankati mwana ameneyu sataya munthu, makolo ake ndi odala."

Azimayi anabwera akupukuta manja, ena ndi matope a kumunda, kudzandigwira chanza. Wina anandipempha kuti ndinene dzina langa lija mmene limamvekera pa wailesi, ndipo ndinalinena, lonse, Bambo ali pambali panga. Kutchuka kumene ndinakufunafuna nthawi yonseyo kunandipeza pa mkeka umenewo, ndipo ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Pochoka anandipatsa thumba la mpunga, ati la mlendo wolemekezeka.

M'minibasi thumbalo linali pamiyendo panga, Bambo ali ndi chitenje chopanda kanthu m'manja. Titayenda mtunda wautali ndinatembenukira kwa iwo.

"Bambo, ndinalakwa," ndinatero. "Ku wailesi kunalibe mzere wa mauthenga. Uthenga wanu ndinkaulemba pansi penipeni pa khadi."

"Ndinkadziwa," anatero, akuyang'ana pawindo. "Ndinkawerenga ndi zala. Mayi uja akafika pa chala chachisanu ndi chimodzi, ndinkadziwa kuti zatha."

"Nanga bwanji simunandikalipire?"

"Ndinkati mwana wanga ali ndi anthu ambiri, ndidikire nthawi yanga." Anatsokomola kwa kanthawi. "Chimene sindinkadziwa n'chakuti nayenso mnzanga ankamvera wailesi yomweyi. Ndiye kuti Lamulungu lililonse tinkakhala pansi tonse awiri, iye uku, ine uko, kumvera iwe."

Lamulungu lotsatira ndinali kumudzi. Musaganize kuti manyazi anali atandiletsa kale kulemba. Khadi langa la sabata imeneyo linali litapita pa basi Lachitatu, tisananyamuke. Bambo anasamba monga mwa nthawi zonse, anakhala pakhonde, nayatsa wailesi. Mayi uja anakoka dzina langa bwino lomwe, anatchula wa ku Dedza, namwino, mlembi, mtsikana wa ku Lizulu ndi ena awiri, nati, "ndi ena onse okudziwani." Ndinadikira kuti Bambo anene mawu awo aja a sabata ya mawa. Sananene. Anazimitsa wailesi, anatsegula kumbuyo kwake, anatulutsa mabatire onse asanu ndi limodzi, n'kuwapatsa Amayi kuti aike mu tochi.